Zitseko Zoimba za Pabalaza

Mwamuna wanga anzake amamutchula kuti Makutu, ndipo dzinali amalinyadira ngati digiri. Pabalaza pathu panali masipika awiri opyapyala, aatali ngati zitseko. Analibe bokosi. Mkati mwake munali kapulasitiki kopyapyala kamene kamanjenjemera n'kutulutsa mawu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Vuto lake linali lomwelo: safuna khoma. Ukawagunditsa kukhoma, akuti nyimbo imafa. Amayenera kuima pakati pa chipinda ngati alendo osowa mpando.

Anawasiyapo kale, mwana wathu atayamba kukwawa. Anagula amabokosi, a besi yogwedeza mawindo, koma ankawamvera nkhope ili ndwii. "Awa akungokuwa," ankatero. "Aja woimba umamumva akupuma." Mwana atapita kusukulu yogonera komweko, zitseko zija zinabwerera, ndipo ine sindinafune kutaya malovu.

Kenako bambo anga anadwala sitiroko. Dzanja lamanzere linafooka, mwendo ankachita kukoka. Ndinawatenga kudzakhala nafe, achimwene anga asakufuna. Iwo ankati bambo akakhale kwawo, komwe nyumba imakhala yokiya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nkhalamba n'kumatsala ndi wailesi. Ine zimenezo ndinakanitsitsa. Adokotala anatiuza kuti moyenda bambo musakhale chopunthwitsa, ndiye ine ndi Makutu tinapangana kuti masipika azikhala kukhoma, aziwakoka pokhapokha bambo akagona. Anamata tepi pansi kuti asamataye malo ake enieni. Bambo nawo anazolowera njira yawo yopita kubafa: dzanja pakhoma, dzanja pa sipika, dzanja pa kabati. Sipika yotsamira khoma inkawachirikiza bwinobwino.

Loweruka lina achimwene anabwera kudzadzionera okha ngati nyumba yathu ili yoyenera wodwala. Mtima wanga unali m'mwamba kuyambira m'mawa. Ndinachotsa kapeti, ndinakulunga mawaya, ndipo Makutu ndinamuuza mosabisa.

"Lero zitseko zanuzi zisasunthe. Mwamva?"

"Ndamva, mayi. Kodi ndine mwana?"

Zonse zinayenda bwino. Achimwene anayendera bafa, anagwedeza chitsulo chogwira chimene tinakhomera pakhoma, anasuzumira mankhwala, osapeza ponenera. Titadya, bambo anakagona. Ine ndinalowa kukhitchini kukateleka tiyi, ndipo ndili komweko ndinamva funso limene ndinkaliopa.

"Alamu, nanga zitseko izi n'zachiyani?"

Munthu ukamufunsa Makutu funso limeneli, wamupatsa mowa. Ndinamva masipika akukwekwesereka pasimenti. Ndinasuzumira, n'kumuyang'ana ndi diso loti akanakhala galu akanathawa.

"Nyimbo imodzi yokha," ananong'ona. "Apongozi ali m'tulo."

Anakhazika achimwene pampando wapakati, chifukwa masipika amenewa amakoma kwa munthu mmodzi yekha, ena nonse mumangomva zotsalira. Kunamveka gitala, kenako mawu a mayi wina akuimba motsitsa. Achimwene anatsegula pakamwa.

"Iii, alamu! Mayiyu waima pati? Ali m'nyumba muno ameneyu!"

Makutu anakweza pang'ono, maso atatsinzina, akumwetulira ngati waimbayo ndi iyeyo. Ine ndinali pakhomo la khitchini, thileyi ya makapu ili m'manja, pamene chitseko cha chipinda cha bambo chinatseguka. Anatuluka maso ali pansi, akuyang'ana phazi lodwala monga anawaphunzitsira kuchipatala. Dzanja pakhoma. Phazi. Dzanja linatambasuka kufuna sipika pamalo pake pa masiku onse, koma linagwira mphepo.

"Bambo, imani!"

Mawu anga anachedwa. Bambo anadzandira kutsogolo, n'kuona chitseko chija chili chiimire pakati pa chipinda, ndipo anachigwira ndi mphamvu zawo zonse. Kumbuyo kwake kunalibe khoma. Zinayamba kugwa zonse ziwiri, sipika ndi nkhalamba.

Makutu ndiye anali pafupi. Analumpha, sindinamuonepo akulumpha chotero, manja ali tambasu. Anawakha sipika.

Bambo anagwa chammbali, mutu n'kumenya mwendo wa tebulo. Thileyi sindikudziwa kuti ndinaiponya pati. Ndinagwada pambali pawo, achimwene akuwadzutsa, magazi akutsika pachikope. Mayi uja ankaimbabe. Nditakweza maso ndinaona mwamuna wanga ataima, atakumbatira chitseko chake pachifuwa, nkhope itachita kuyera. Ankayang'ana manja ake ngati si ake. Ndinamuda nthawi imeneyo, ndipo ndinamumveranso chisoni, chifukwa ndinaona kuti sanasankhe. Manja anasankha okha.

"Zimitsani chinthucho!" anakalipa achimwene.

M'nyumba munati zii. Ndinapukuta bala ndi thaulo. Silinali lakuya, ndipo bambo ankatizindikira tonse. Anayang'ana Makutu, n'kuyankhula ndi lilime lawo lolemera lija.

"Apongozi, sichinawonongeke?"

Makutu anaigoneka sipika pansi, n'kugwada.

"Bambo, ndizichotsa lero lomwe. Zonse ziwiri. Simudzazionanso."

"Mlongo wanga," anatero achimwene osamuyang'ana n'komwe, "kalongedze zovala za bambo. Tidzera kuchipatala, kenako kwathu."

"Achimwene, chonde. Kwanu adzakhala ndi ndani? Bambo, auzeni kuti simukupita."

Ndinawagwira dzanja labwino lija, ndikudikira kuti akane. Anandisisita chala monga ankachitira ndili wamng'ono.

"Kalongedze, mwanangu," anatero. "Munthu asamachite kudikira kuti ndigone kuti amvere nyimbo m'nyumba yake yomwe."