Khoma la Kumadzulo

Lole inaima pakamwa penipeni pa tenti ya maliro chifukwa inalibe podutsira. Tentiyo inali itatseka msewu wonse kwa masiku atatu, ndipo dalaivala, m'malo mobwerera mwaulemu, analiza hutala kawiri. Wijdan anamva ali kukhitchini, akutsuka timakapu ta khofi wowawa wa anthu odzapepesa. Atasuzumira pa mng'alu wa geti, anangoti kukamwa yasa. Pa lolepo panali njerwa zoyera, zikuluzikulu, zosanjidwa mpaka pamwamba.

Tsoka lake, theka la azibambo a m'tentimo linali la anthu a ku mauvuni, amene anakalamba akuotcha njerwa zachikasu. Bambo ake a Wijdan, malemu Usta Mezher, mmisiri wamkulu, anamanga nyumba ndi njerwa zimenezo zaka makumi asanu, ndipo mumzinda wa Amara munalibe msewu wopanda khoma lawo. Tsono njerwa zoyera kudzaima pa maliro a munthu wotere kunali kutukwana, ndipo aliyense anaona.

Geti linatseguka mwamphamvu. Analowa Thamer, mchimwene wake wamkulu, mkanjo wakuda utanyowa ndi thukuta kumsana. Thamer anali ndi bwalo logulitsira njerwa zachikasu kumsewu wa ku Basra, ndipo pachikwangwani chake dzina la bambo awo linali lalikulu kuposa lake.

"Ndiwe, eti?" anatero, akuyesa kutsitsa mawu koma osatha.

"Ine ndatani, achimwene?"

"Usandiyankhe ngati ndine mwana wa m'kalasi mwako. Thovu louma lili panjalo, waitanitsa ndiwe?"

"Anaitanitsa ndi bambo, sabata ziwiri zapitazo. Analipiriratu."

"Bodza. Bambo sankatha n'kuzigwira komwe zinthu zimenezo. Ankati njerwa yodulidwa ndi sowo ndi buledi."

"Ankatero, inde. Kenako anasintha maganizo. Mukadabwera mukadamva nokha."

Nkhani yake inali yachidule. Amayi awo, a Sabiha, anali ndi matenda a mtima, ndipo chilimwe chilichonse miyendo inkatupa, mpweya n'kumabanika. Dokotala anali atanena mosabisa kuti chilimwe china m'chipinda chotentha chotero sadzachiwoloka. Magetsi ankathima masana onse, ndipo a jenereta ya m'dera ankangokwanira fani ndi firiji. Ndiye bambo anakumba maziko a zipinda ziwiri pakabwalo ka m'mbali mwa nyumba, n'kusankha njerwa zoyera zopepukazi, zokhala ndi timabowo ta mpweya mkati, zimene sizilola kutentha kudutsa. Anamwalira maziko atangouma kumene.

Wijdan anafotokoza zonsezi akupukuta manja pa nsalu, koma ankadziwa kuti akulankhula ndi chitseko. Mchimwene wakeyu ankamva ndi khutu limodzi lokha, loyang'ana kumene kuli anthu.

"Pulasitala imang'ambika pa zinthu zimenezo," anatero Thamer. "Zimamwa madzi. Msomali sugwira, ukapachika chithunzi cha bambo chidzagwa. Njerwa yathu imakhala zaka mazana."

"Imakhala, ndipo imasunga moto ngati uvuni umene inachokera. Ine sindikufuna khoma la zaka mazana, achimwene. Ndikufuna amayi afike chaka chamawa."

"Ndibweretsa zanga, malole awiri, zaulere."

"Kuti apsere ulere?"

Thamer anatsinzina pang'ono, n'kuloza kunja ndi chala. "Ukudziwa amene akhala m'tentimo? Mawa mzinda wonse udzakhala ukunena kuti Usta Mezher mwini wake anathawa njerwa zachikasu asanafe. Ndani adzagulanso kwa mwana wake? Waganizapo zimenezo, aphunzitsi?"

"Ehe, tsopano mwanena zoona. Nkhani si bambo, nkhani ndi chikwangwani."

"Nanga iwe nkhani yako n'chiyani? Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wopanda mwamuna, wangomata m'nyumba muno. Unawanong'oneza bambo, nkhalamba yotopa, kuti akumangire zipinda zozizira, amayi n'kukhala chophimbira. Ukuganiza kuti sindikuona?"

Mawu amenewa anamupweteka Wijdan kwambiri, makamaka chifukwa anali atawamvapo kale kwa mlamu wake, mkazi wa Thamer, amene panthawiyo anali m'chipinda cha azimayi akulira mokweza kuposa wina aliyense. Wijdan ndiye ankasambitsa amayi, kuwerenga mapilitsi, kuima pamzere kuchipatala. Anakana mabanja awiri chifukwa cha nyumba imeneyi, ndipo lero akumuwerengera zaka ngati mbuzi yotsalira pamsika.

"Chaka chino mwalowa muno kangati?" anafunsa. "Pa Idi, kamodzi. Injini ya galimoto simunazimitse n'komwe, kuti choziziritsira chisazime, mukatuluka mupeze mkatimo mukadali mozizira. Bambo anaimva ikulira panja nthawi yonse imene munkamwa tiyi."

"Tseka pakamwa."

Wina anagogoda pageti ndi kiyi. Anali dalaivala, bambo wonenepa wa thaulo paphewa, amene anayang'ana pansi ataona mkazi.

"Mulungu awachitire chifundo malemu, pepani kwambiri. Koma abwana, nditsitse kapena ayi? Ndikaima padzuwa ili kwa ola lina, muika maliro achiwiri, ndipo tenti muli nayo kale."

"Bwerera nazo kumene wazitenga," anatero Thamer.

"Malemu anati ndizitsitse pamaziko, Lachinayi. Lero ndi Lachinayi. Ine sindikangana ndi munthu amene anapita, sangandikhululukire."

"Mwini nyumba pano ndine tsopano. Bwerera."

Wijdan anakonza mpango wake kumutu, n'kuyenda kulunjika kugeti.

"Ukupita kuti?"

"Kukatsitsa ndekha. Ndi zopepuka, paja mwati ndi thovu. Ndizinyamula imodziimodzi kudutsa pakati pa tenti yanuyo, anthu a ku mauvuni aone bwino."

Mkazi wa panyumba ya maliro kudutsa pakati pa azibambo chinali chinthu chimene dera lonse likadachikamba mpaka kubadwa kwa zidzukulu. Thamer anamugwira pamkono mwamphamvu moti zibangili zinamulowa m'khungu. Dalaivala anabwerera chambuyo, n'kukoka geti.

"Ukatuluka, usadzalowenso."

"Ndisiyeni."

"Thamer."

Mawuwo anachokera m'chipinda cha kumapeto, ofooka koma omveka. Anali amayi. Chiikireni maliro anali asanatuluke m'chipindamo, poti anali atayamba eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba imene mwamuna wake anamusiyamo. Ngakhale Wijdan akadafuna kuwasamutsira kwa achibale okhala ndi nyumba yozizira, iwo sakadalola. Chilimwe chino anali oti achimalizire m'nyumba momwemo, ndipo chiyembekezo chonse chinali pa zipinda zatsopano zija, zimene maziko ake anali mkati mwa mpanda womwewo.

Thamer anasiya mkono uja. Analowa, Wijdan ali pambuyo.

Nthawi inali cha m'ma 3 koloko masana, magetsi atathima, fani itaima. Mpweya wa m'chipindamo unali wolemera moti munthu ankachita kuukoka. Amayi anakhala pamatiresi pakati pa chipinda, miyendo yotupa atatambasula, kansalu konyowa kali pakhosi.

"Amayi, musavutike ndi nkhaniyi, ine ndi—"

"Ndamva zonse. Msewu wonse wamva. Vula nsapato, ubwere kuno."

Thamer anavula.

"Gwira khomalo."

Linali khoma la kumadzulo, limene dzuwa linkaliwomba kuyambira masana mpaka kulowa. Thamer anaika chikhatho, n'kuchichotsa msanga.

"Ndati gwira."

Anaikanso. Nkhope inakwinyika, koma manyazi anamuletsa kuchotsa.

"Analimanga ndi bambo ako, chaka chimene unabadwa," anatero amayi. "Njerwa zabwino, anasankha okha imodziimodzi. Lilibe mng'alu ndi umodzi womwe, ukhoza kuyang'ana. Ankalinyadira pamaso pa anthu. Koma m'chipinda muno sankalinyadira."

"Amayi, tikhoza kugula makina oziziritsa aakulu."

"Oyendera chiyani, mapemphero?" Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Chotsa bulangetelo."

M'munsi mwa khomalo munali chinthu chofunditsidwa bulangete. Thamer atalichotsa, anapeza kamatiresi kopyapyala, kodulidwa pakati m'litali kuti kakwane pakampata ka pakati pa khoma ndi pogona amayi. Pakati pake panali pophwatalala, pamene munthu anagonapo nthawi yaitali. Wijdan ankakadziwa kamatiresiko, ankakayanika sabata iliyonse, koma nthawi zonse ankaganiza kuti bambo amakonda pothina chifukwa cha msana.

"Chiyambireni kudwala kwanga, zaka zisanu ndi ziwiri, magetsi akathima masana ankabwera kudzagona apo," anatero amayi. "Msana kukhoma, nkhope kwa ine. Ankati thupi la munthu ndi lochindikala kuposa njerwa, moto uyambe wadutsa mwa iwo. Ndinkawauza kuti n'zopusa, kutentha sikuyenda choncho. Ankati, 'Make Thamer, khomali ndinamanga ndine, ndilisenza ndine.' Akadzuka, malaya ankachita kufinyidwa. Tsiku limene mtima wawo unaima anali pomwepo."

Panja dalaivala analizanso hutala, kamodzi, mwamanyazi.

Wijdan anayembekezera kuti mchimwene wake apepese, ndipo anali atakonza kale mawu okanira kupepesako, chifukwa mkono unkapwetekabe ndipo za zaka zake sakadaziiwala. Koma Thamer sanamuyang'ane n'komwe. Anapita pazenera laling'ono loyang'ana kumsewu, n'kulikankha.

"Tsitsa," anauza dalaivala, mawu ali okakala. "Uuze anthu akweze mbali imodzi ya tenti, udutse. Uzisanje pamthunzi."

Anatseka zenera. Wijdan anapatuka pakhomo kuti amupatse njira yobwerera kwa alendo ake, koma iye sanatuluke. Anapinda mkanjo wake, n'kukhala pakamatiresi kaja, pophwatalala pomwepo, n'kutsamira khoma. Msana utakhudza njerwa anakoka mpweya kudzera m'mano. Posakhalitsa thukuta linayamba kudontha kuchibwano.

"Ankakhala mpaka liti?" anafunsa, maso ali pansi.

"Mpaka dzuwa litalowa," anatero amayi.

Thamer anayang'ana wotchi yake, kenako anaivula, n'kuiika chafufumimba pansi.