Klorini Amene Telala Anataya

Kolera atafika m'dera lawo, anthu onse anagwidwa ndi mantha, koma telala wa pa mdadada wa nyumba za lendi sankaopa kolera. Iye ankaopa mkazi wa khomo loyandikana ndi lake. Mkaziyo anali namwino, wosakwatiwa, wa mano oyera ndi kaseko kofewa, ndipo mwamuna wa telala, yemwe anali kalipentala, sankatha tsiku osamutchula. Chitseko cha namwino chikangolira pang'ono, kalipentala ankathamanga ndi mafuta. Chitseko cha kwawo chinalira mpaka kusasa mawu, koma bambo sankachimva.

Tsiku lina kalipentala analowa m'nyumba atanyamula kabotolo.

"Anamwino atipatsa klorini," anatero. "Akuti tizithira m'madzi akumwa, ndipo chitsime cha kuseri kwa zimbudzi chija tichisiye."

Telala anaimitsa makina osokera. "Anamwino akuti, anamwino akuti! Zaka zonsezi ndakhala ndikukumwetsani madzi, munafa? Lero madzi anga aipa chifukwa kwabwera a mano oyera?"

"Mayi, nkhani apa ndi ya matenda."

"Matenda ake ndikuwadziwa ine," anayankha telala, n'kupondanso makina mwaukali.

Nsanje ndi yoipa, imachititsa munthu wanzeru zake zinthu zoti ngakhale mwana angamuseke. Mwamuna atangopita ku ntchito, telala anakhuthulira klorini yense m'ngalande, nadzaza kabotoloko ndi madzi wamba, n'kukaika pa windo kuti kazioneka. Madzi anapitiriza kutunga pa chitsime chomwe chija. Madzulo kalipentala anamwa kapu yodzaza, n'kupukuta pakamwa.

"Klorini wa anamwinoyu ndi wabwino bwanji! Sanunkha n'komwe."

Telala anangomwetulira, mumtima akuti wapambana.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina kalipentala anadzuka akuthamangira kuchimbudzi. Anabwerako, n'kubwereranso. Chimbudzi chake chinali madzi okhaokha, otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Kenako anayamba kusanza, miyendo ikukokana. Pofika masana maso anali atalowa m'kati, mawu akutuluka movutikira. Telala anatseka chitseko ndi makatani kuti wa khomo linalo asaone.

"Ndipatseniko madzi," anapempha kalipentala.

"Ayi, bambo. Mukamwa ndiye mukutsegulanso. Pirirani kuti m'mimbamo muume."

"Ndiye itanani anamwino."

Mawu amenewo anamulasa telala kuposa singano ya makina ake. Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, koma pakamwa pake pali mkazi yemwe uja! Anakhala pa mpando, mantha ndi nsanje zikulimbana mumtima mwake.

Koma nyumba za lendi sizisunga chinsinsi. Namwino anali atamva kusanzako kudzera pa khoma, ndipo anaona njinga ya kalipentala ili chitsamire panja dzuwa lili pamutu. Anagogoda.

"Aneba, tsegulani. Muli wodwala m'menemo."

"Wodwala ndi wanga, ndimusamala ndekha," anayankha telala chitseko chili chitsekere.

"Ndi wanu, sindikukana. Mwamuna wonunkha utuchi ine sindimufuna. Amene akufuna kukulandani mwamuna ali m'matumbo mwake, ndipo mukachedwa amutenga lero lomwe."

Telala anayang'ana mwamuna wake. Milomo inali itauma gwa, zala zitakwinyika ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Anatsegula chitseko.

Namwino anatsina khungu la pamimba pa wodwalayo, khungulo n'kukhala chiimire osabwerera msanga. Anatuma mwini nyumba kuti akapeze galimoto, kenako anatulutsa botolo la madzi owiritsa a kunyumba kwake, n'kusungunuliramo paketi ya mchere ndi shuga ya kuchipatala. Kapu sanaipereke kwa wodwala. Anaipereka kwa telala.

"Mwamuna ndi wanu, mumumwetse ndinu. Pang'onopang'ono, osalekeza. Akasanza, dikirani pang'ono, muyambirenso."

"Koma madziwo si amene akumutsegula m'mimba?" anafunsa telala.

"Ayi, aneba, pamenepo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Muzimumwetsa uku mukumvetsera. Kolera amayamba ndi tizilombo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Timatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali nato, n'kulowa m'madzi, m'zakudya kapena m'manja. Madzi amatha kuoneka oyera mbee, koma tili momwemo. Munthu akatimeza, tambiri timafera m'chifu chifukwa muli asidi, koma totsalato timatsikira m'matumbo aang'ono. Kumeneko timakakamira pa khoma la matumbo, n'kuyamba kuswana."

"Ndiye tikumudya matumbo?"

"Sitidya, ndipo m'magazi sitilowa. Timatulutsa poizoni. Ntchito ya matumbo ndi kuyamwa madzi kuti alowe m'thupi, koma poizoniyo amaitembenuza ntchitoyo. Matumbo amayamba kukoka madzi ndi mchere kuchokera m'thupi n'kumazitaya kunja, ngati mpopi umene watsegulidwa n'kuthyoka chotsekera. Madzi amene mukuwaona akutulukawo si a m'kapu ayi, ndi a m'thupi mwake. Mukamumana madzi, mpopiwo suima. Thupi ndi limene limauma, magazi amachepa, impso zimaleka ntchito, munthu n'kupita."

Telala anayang'ana kapu ili m'manja mwake, misozi ikulengeza. "Nanga awa alowa bwanji, poti matumbowo akungotaya?"

"Pali njira imodzi imene poizoniyo saitseka. Mchere ukayenda limodzi ndi shuga, matumbo amaulandirabe, ndipo madzi amatsatira. N'chifukwa chake timasakaniza ziwirizi pa muyeso wake." Namwino anaponya maso pa windo. "Klorini uja mumathira?"

Telala anawerama. Namwino anatenga kabotolo kaja, ananunkhiza, n'kukabweza pamalo pake. Kenako anabwerera kwa wodwala.

Galimoto itafika, telala anakhala kumbuyo, mutu wa mwamuna wake uli pa miyendo pake, akumumwetsabe njira yonse. Kuchipatala anamuika diripi nthawi yomweyo ndi kumupatsa mankhwala opha tizilomboto. Dokotala anauza telala kuti madzi a m'njira aja ndi amene anamufikitsa wamoyo. Namwino anatsala kunyumba akuthira klorini m'chimbudzi, pa zofunda ndi pansi ponse, ndipo anthu a pa mdadadawo anatseka chitsime chija ndi malata.

Kalipentala anabwerera kunyumba atawonda koma akuyenda yekha. Anapeza ndowa yovundikira pakona, sopo pakhomo, ndi kabotolo katsopano kamene telala anakapempha yekha ku khomo loyandikana lija. Atamwa madzi anakwinya nkhope.

"Klorini uyu akununkha. Woyamba uja ndiye anali wabwino."

"Woyamba uja anali madzi a pachitsime, ine ndinataya weniweniyo," anatero telala. "Imwani wonunkhayu. Ndi amene akusungeni kuti mukhalebe wanga."

Nsanje sinatheretu, tisanamizane. Chitseko cha namwino chitaliranso, kalipentala asanadzuke n'komwe, telala anali atanyamula kale mafuta kukachithira yekha. Koma pa nkhani ya madzi sanatsutsenso, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa chovala ankachoka atamva phunziro lake.

Kolera sasankha nyumba. Thirani klorini m'madzi akumwa kapena awiritseni, sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi ndiponso musanagwire chakudya. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, musamumane chakumwa: m'patseni madzi a mchere ndi shuga, ndipo thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Malangizo abwino alandireni ngakhale achokere kwa munthu amene simukumukonda, chifukwa telala anatsala pang'ono kupereka kwa kolera mwamuna amene ankamukaniza namwino.