Voti ya Malemu a Keogh

Bernadette anazula chikwangwanicho ndi misomali yake yomwe, n'kuchiponya m'fumbi. Chinali cholembedwa kuti INDE. Amene anachikhoma pampanda anali mlongo wake wamng'ono, Gerard, maluwa a pamaliro a bambo awo asanafote n'komwe.

Linali Loweruka la voti. Dziko lonse la Australia linkafunsidwa ngati likufuna kusiyana ndi Mfumukazi ya ku Mangalande n'kukhala ndi pulezidenti wakewake. Koma pulezidentiyo anali woti azisankhidwa ndi aphungu ku Canberra, osati ndi anthu, ndipo apa m'pamene panagona mkangano m'makomo ambiri a ku Broken Hill.

Bambo awowo, a Desmond Keogh, anakalambira mu mgodi, ndipo moyo wawo wonse sanaimirirepo nyimbo ya Mfumukazi ikamaimbidwa. Mtima unawagwetsa m'khitchini Lamlungu lapitalo. Pamwambo wa maliro, Gerard, yemwe anali loya ku Sydney, anaima kutsogolo m'tchalitchi n'kuuza anamfedwa kuti malemu amwalira akulakalaka INDE, choncho aliyense wowakonda akawavotere. Bernadette anangoluma mano. Iye ndi amene ankawaperekeza kuchipatala, ndipo anawamva ndi makutu ake akunena kuti pulezidenti wosankhidwa ndi andale ndi mfumu yomweyo, yangovala suti.

Bernadette analowa m'khitchini manja ali dzimbiri lokhalokha. Mayi awo, a Noreen, ankaduladula keke imene anabweretsa aneba, ngakhale panalibe woidya.

"Unabwera kudzaika maliro kapena kudzachita kampeni?" Bernadette anafunsa Gerard.

Gerard anaika kapu pansi. Anati yemwe akavote AYI wavotera Mfumukazi, basi, ndipo mwayi ngati uwu sudzabweranso iwo ali moyo. Anati bambo anamuuza okha pafoni kuti bola chala chimodzi kusiyana n'kusowa dzanja lonse.

"Pafoni!" Bernadette anaseka mowawa. "Iwe bambo ako unkawadziwira pafoni. Khirisimasi zingati mpando wako uli wopanda munthu? Lero wasandutsa bokosi lawo nsanja yolankhulirapo."

"Achemwali, kuwachapira malaya sikuti munagula maganizo awo."

Mbale inauluka kuchoka m'manja mwa Bernadette n'kukasweka pachitseko cha firiji. A Noreen sanadzidzimuke. Anangoyang'ana pawindo n'kunena kuti pageti pali munthu.

Anali a Wilf Pascoe, mkulu wa mumsewu womwewo, atavala jekete ya mamendulo a kunkhondo, ndodo yoyera ili m'manja popeza maso anawathera kalekale. M'nyumba mwawo chithunzi cha Mfumukazi chinkakhala pamwamba pa wailesi. Tauni yonse inkadziwa kuti iwo ndi a Desmond anali mphaka ndi galu; anagwiranapo makolala kumalo omwera mowa anthu mpaka kuwaleretsa. Bernadette anatuluka atakwiya, poganiza kuti mdalayo wabwera kudzanyogodola.

A Pascoe anavula chipewa atamva mapazi. Anapepesa, n'kufotokoza. Anadzuka, n'kumeta, n'kukaima pageti pawo kudikira hutala ya galimoto monga mwa masiku onse a voti, ndipo anaimapo nthawi ndithu asanakumbuke kuti woliza hutalayo anaikidwa m'manda Lachinayi. Basi miyendo inangowabweretsa kuno.

Bernadette sanamvetse. A Noreen, omwe anamutsatira mpeni wa keke uli m'manja, ndi amene anafotokoza. Chiyambire pamene a Pascoe anasiya kuona, a Desmond ndiwo ankawatenga pagalimoto kupita kusukulu kokavotera. Ankalowa nawo m'kachipinda, kuwawerengera pepala, n'kuwalembera.

"Bambo anga? Kukulemberani inu?" anafunsa Bernadette. "Akudziwa mbali yanu?"

"Ankanditukwana njira yonse, mwanawe, popita ndi pobwera. Ankati ndine kapolo wa chisoti chachifumu." Mdalayo anapukuta pakamwa. "Koma ndikanena, ankalemba zomwe ndanenazo. Ndinkamva pensulo ikukanda pepala mwaukali, iye akupumira m'mwamba ngati ng'ombe."

Gerard anali ataima pakhomo. Ananena chapansipansi kuti imeneyo ndi voti ina ya AYI, ndipo palibe chifukwa choti banja la Keogh liinyamule pagalimoto. Bernadette anamuyang'ana. AYI wa mdalayu ndi AYI wake zinali zinthu ziwiri zosiyana, koma m'bokosi zikagona pamodzi, ndipo zimenezi zinamupsetsa mtima koposa mawu a mlongo wake. Anafunsa mayi ake kuti, nanga malemuwo akanavota chiyani kwenikweni?

"Ine sanandiuze," anatero a Noreen. "Ankati ndi zake. Makiyi ali pa msomali."

Bernadette anakatenga makiyi, kudutsa Gerard pakhomo paja. Anatulutsa galimoto ya bambo ake, ija ya kabokosi kumbuyo, n'kutsika kuti akathandize mdalayo kukwera. Koma a Pascoe anali atatsegula kale chitseko. Phazi lawo linapeza lokha kachitsulo kopondapo kamene a Desmond anawotcherera mbali imeneyo, ndipo dzanja linapita mosafufuza pa chingwe chachikopa chomangidwa pamwamba pa windo, chomwe chinali chitada ndi kugwiridwagwiridwa.

Atakhala, anaika chipewa pamaondo.

"Ukhoza kumanditukwana, mwanawe," anatero. "Njirayi sindinaiyendepo mwakachetechete."