Chijasi cha ku Nyupoti

Lachinayi limenelo, mu Okutobala wa 1943, dzuwa lisanafike pamutu, Tisiyenji anali atatunga kale madzi maulendo atatu kuchitsime cha kudambo, atakonola chimanga n'kuviika mphale, atazira khonde, atatsekulira mbuzi, komanso atamusambitsa Elube, mwana wake wa zaka zitatu, amene nthawi yomweyo anakagubuduka paphulusa. Zinatsala kusenda mtedza wambewu, kukasosa munda wakumtunda ndi kututa udzu wofolera nkhokwe. Za mlandu wa Loweruka sanafune kuziganiza, poti kuganiza sikukanamusendera mtedzawo.

Mlanduwo unali wa ukwati wake. Mwamuna wake Alick anapita ku Joni Elube asanabadwe. Chaka choyamba anatumiza nsalu ziwiri. Kenako kunamveka zoti watsikira kunyanja yamchere n'kulowa ntchito m'sitima yapamadzi, basi kuchokera apo zii. Kwawo kwa Tisiyenji, kumadzulo kwa Namitete, mwamuna akatha zaka osamuveka mkazi wake, ankhoswe amakhala pansi n'kuuthetsa ukwatiwo. A Chikoti, atsibweni ake a Tisiyenji amene analinso nkhoswe yake, anati zakwana. Iwo ankafuna mkamwini wogwira khasu, ndipo panali kale a Lyton, eni njinga ndi zigafa ziwiri za fodya, amene ankangodutsadutsa pakhomopo ngati njira ina kulibe.

Tisiyenji a Lyton sankawafuna. Alick anamumangira nyumba yosadontha, sanamukwezerepo dzanja, ndipo ankamuseketsa mpaka kutsamwa. Koma poyankha atsibweni ake analibe choonetsa, chifukwa nsalu ziwiri zija zinali zitasanduka zigamba.

Akuyamba kusenda mtedza, mayi wina wochokera kumsika anaima pamsewu n'kufuula kuti, "Amake Elube! A Faida akusitolo akuti mufike, lole yakusiyirani katundu!"

Anabereka mwana n'kuuyamba wa ku Namitete, lichero la mtedza atangolivindikira.

Sitoloyo inali ya a Asani, ndipo makalata a anthu akumidzi ankafikira pomwepo. A Faida, akazi awo, anatulutsa phukusi lalikulu losokedwa m'chiguduli, masitampa ali mbwee.

"Kulemera kwakeko, ndimayesa amuna anu adzitumiza okha," anatero a Faida. "Tsegulani tione, ine tulo sindikanagona."

A Asani anadula ulusi ndi lumo. Munatuluka chijasi chakuda bii, chaubweya, chokhuthala ngati mabulangete atatu, cha mabatani aakulu okhala ndi chithunzi cha nangula. M'thumba mwake munali kalata. Tisiyenji analekezera sukulu Sitandade 1, choncho anaiwerenga yekha mokweza, pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

"Amake Elube, ine ndili moyo. Sitima yathu itafika ku Amereka ndinadwala chibayo ndipo inandisiya. Tsopano ndili m'tauni yaing'ono yotchedwa Nyupoti, ndimachapa ndi kusita zovala za asilikali apamadzi. Tauniyi ili pachilumba. Nyumba zambiri n'zamatabwa, zakalekale, zina zinapendama koma eni ake safuna kuzigwetsa. Akuti zinamangidwa Angelezi akulamula kuno monga akulamulira kwathuko, anthu akuno asanawapirikitse."

A Asani anatsokomola n'kusuzumira kukhomo. "Pamenepo dumphani, mayi. Pano pamadutsa amesenjala a kuboma."

Tisiyenji anadumpha mzere umodzi.

"Padoko pamaima zombo zankhondo zotuwa, chimodzi chokha mudzi wathu wonse ungakwanemo ndi mbuzi zomwe. Amalinyero mumsewu ngati linthumbu, onse tizipewa toyera. Koma kuzizira, mayi! Mwezi uno wa Febuluwale madzi akuuma m'ndowa, ndipo kumwamba kukugwa zinthu zoyera ngati ufa. Ndikamanjenjemera ndimaganiza za inu kuti mukufunda chiyani. Ndiye ndakugulirani chovala chabwino kuposa zonse zimene ndaziona kuno. Muzivala. Ndine Alick."

A Faida anaseka mpaka kukhala pathumba la mchere. "Munthuyu kwawo anakuiwala, eti? Febuluwale kuno kumagwa ufa? Chimenechi mukavala mwezi uno tikakuikani m'manda mutapsa kale!"

Tisiyenji sanaseke. Anachinyamula chijasicho, kuchitembenuza, kuyesa msoko ndi chala.

"N'chovala kodi, kapena si chovala?"

"N'chovala ndithu," anayankha a Asani.

"Watumizira ndani?"

"Inuyo. Kalata ikutero."

"Basi. Ndavekedwa."

Loweruka ankhoswe anakumana patsinde pa mkuyu wa kuseri kwa nyumba ya a Chikoti. Kuchimuna kunabwera a Simeon, akulu ake a Alick, munthu wofatsa amene anafika atagonja kale, maso ali pansi. Amayi apamudzi anakhala chapatali ndi malichero awo, ngati akupeta. A Lyton anaimika njinga pamsewu n'kuyamba kukonza tcheni chomwe sichinaduke.

Kenako Tisiyenji anatulukira, chijasi atachivala, mabatani onse atamanga mpaka pakhosi. Chinkamufika m'maondo, manja ake osaoneka. Agalu awiri anauwa.

"Kodi ameneyu ndi ndani?" anafunsa a Chikoti. "Kwabwera msilikali?"

"Ndine, atsibweni. Amuna anga andiveka."

Anagwada n'kupereka kalata, ndipo itawerengedwa a Simeon anadzuka kumaso ngati chimanga cholandira mvula. A Chikoti anatambasula dzanja, kukhudza mpendero wa chijasicho, kuufinya, kuusisitanso. Tisiyenji anawaona m'maso ndipo anadziwa kuti nkhalambayo yachikonda. Mwezi wa Juni a Chikoti ankagona moyandikira moto mpaka miyendo kuchita mbala za moto.

"Chabwino n'chabwino," anatero a Chikoti. "Koma ichi n'chachimuna. Mkamwini wanga wakumbuka atsibweni, tithokoze. Za mkazi sanatumize kanthu. Mkazi sangathe kukhala nacho pathupi chimenechi, muona nokha."

Apo Tisiyenji anamvetsa mmene mlandu wakhalira. Akangochivula, ndiye kuti wavomereza kuti si chake: chijasi chipita kwa atsibweni, iye apita kwa a Lyton. Anakhala pamkeka n'kuwongola miyendo.

A Chikoti sanafulumire. Anayamba ndi agogo a agogo awo, mmene anachokera ku Kabudula, ndi amene anakwatira uje n'kubala uje. Ananunkhiza fodya. Anayetsemula. Anabwereranso ku Kabudula poti anaiwala munthu mmodzi. Mthunzi wa mkuyu unasuntha n'kumusiya Tisiyenji padzuwa, ndipo palibe anamuuza kuti asendere. Thukuta linayamba m'khosi, kutsika ndi msana, mpaka mkeka unanyowa. Ubweya unkamuyabwa ngati wagona pa chitedze.

"Mbumba yanga, watentha," anatero a Chikoti mwachifundo. "Vula upumeko."

"Ndikumva kachisanu, atsibweni."

Kumalichero kuja wina anaphulika ndi kuseka n'kunamizira kutsokomola.

"Kachisanu?"

"Eya. Ndimaganiza zoti nditumize mwana akanditengere moto."

A Simeon analowererapo. "Achimwene, ku Nyupoti kumeneko akazi onse amavala zoterezi. Kuli zombo, kuli mphepo."

"Inu munapitako liti?"

"Kalata ikunena."

"Kalata ikunena za amalinyero. Mbumba yanga ndi malinyero? Chombo chake chili kuti, pachitsime?"

Dzuwa linapendeka pang'ono, koma kutentha sikunatsike. Tisiyenji anayamba kuona timadontho takuda tikuvina m'maso. Anadziwa kuti akapitirira ola lina agwa, ndipo akagwa anthu amuvula okha. A Chikoti nawo anaona zimenezo. Anadzikonza pakhosi kuti amalize.

"Tisavutane, abale. Nsalu ya mkazi timaidziwa tonse. Amavala, amafunda, amaberekera mwana. Chovala chosabereka mwana si cha mkazi. Ndanama, a Simeon?"

A Simeon anayang'ananso pansi. "Simunaname."

"Atsibweni," anatero Tisiyenji, mawu atauma, "mwati chikabereka mwana n'cha mkazi?"

"Ndatero, anthu amva."

"Elube! Bwera kuno, mwanawe."

Anaimirira n'kumasula mabatani limodzilimodzi, osafulumira, ngakhale mtima unkafuna kungowadula. Mphepo itamukhudza pamsana anatsala pang'ono kulira ndi kukoma. Anawerama, kumuponya Elube kumbuyo, kumuphimba ndi chijasi, kukoka dzanja lina la chijasicho pamwamba pa phewa, lina kunsi kwa khwapa, n'kumanga mfundo pachifuwa. Mipendero yam'munsi anaikulunga m'chiuno n'kuisomeka. Anadumpha kawiri. Mwana sanasunthe, kamutu kokha kali tuluu pakolala, kakukuwa kuti, "Amama, kukuwotcha!"

Anazungulira mkuyu wonse, kupita mpaka pamsewu pomwe panali a Lyton, kuwapatsa moni mwaulemu, n'kubwerera. Amayi aja anataya malichero, nthungululu zili pakamwa.

"Chabereka!" anafuula a Simeon, ataimirira koyamba tsiku lonselo. "Achimwene, chabereka kapena sichinabereke?"

A Chikoti anayang'ana mfundoyo nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka.

"Mwana wa mlongo wanga ameneyu, mutu ngati mwala. Chabereka. Ukwati ulipo." Anapukuta misozi. "Koma mumve. Inu a Simeon, mpaka m'bale wanu abwere, dzinja lililonse muzidzalima munda wakumtunda masiku asanu, pakuti zombo sizipalira. Ndipo iwe, umulembere mwamuna wakoyo kuti kuno kulibe ufa wogwa kumwamba. Atumize nsalu ngati munthu. Akapezanso china chonga ichi, atsibweni ake sanafe."

A Simeon anavomera zonse mofulumira. Pamene anthu ankayang'ana kumsewu, njinga inali itachira ndipo inali patali.

Lolemba Tisiyenji anapita kusitolo kukalemba yankho. Anamuuza Alick kuti Elube akuyankhula, kuti mbuzi zilipo zisanu, kuti nkhondo ikatha akwere chombo chilichonse choloza kwawo, ndi kuti ngati nyumba zopendamazo zamukomera, yakenso yayamba kupendama, abwere adzaione.

Zimene zinapita pa nkhani yonseyi ndi izi. Tambala mmodzi amene anawaphera ankhoswe. Mtsuko wa thobwa, womwe theka anamwa yekha mlandu utangotha. Dengu la mtedza kwa a Asani, losinthana ndi pepala, envulopu ndi masitampa. Masiku atatu osapita kumunda. Nsungu za thukuta msana wonse, zimene zinatenga sabata ziwiri ndi mafuta ansatsi kuti zipole. Ndi batani limodzi la nangula, limene a Chikoti anapempha kuti asokere pa kathumba kawo ka fodya.