Zikomo wa Tryness

Pa maphunziro a manesi ku Chipata, adokotala a Jere ankalowetsa kapaipi ka kamera m'mimba mwa chidole. Tryness, mmodzi wa ophunzirawo, ataona makina akusonyeza kuti mpweya ukutsika, anati, "Zikomo, adokotala." Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza.

"Chidolechi chamwalira," anatero Sisita Jesca, mphunzitsi wawo. "Muno mulibe zikomo. Muzinena kuti, 'Imani!'"

Tryness anali asanalamulepo munthu wamkulu chibadwire.

Patapita milungu ingapo, adokotala a Jere akupima mayi wina wa ku Madzimoyo, mpweya unatsikadi.

"Imani!" anakuwa Tryness.

Adokotala anaima, mayiyo anayambanso kupuma bwino.

Atamaliza, adokotala anamupeza pakhomo. "Zikomo, a Tryness."

Iye anapatuka msanga kuti adutse.