Simenti ya Mwana Wanga

Mwana wanga Lőrinc ataimba foni kuchokera ku Linz, ku Austria, kunena kuti watopa ndi dziko la eni, ndipo akufuna kugula nyumba ya a Dezső yoyandikana ndi yanga, ndinakhala pansi pomwepo. Mwanayu ndi mmodzi yekhayo. Chichokereni ali mnyamata ndimangomuona pa Khirisimasi ndi pamaliro, ndipo mdzukulu wanga Emese amanditchula kuti agogo a mufoni. M'mudzi muno achinyamata amangochoka, wobwerera sindinamumvepo. Ndiye wanga abwere adzakhale kuseri kwa mpanda wanga? Ndinalira, sindibisa.

Koma mkazi wake, Boglárka, anali ndi mfundo zake ziwiri, ndipo anazinena yekha osadzera mwa mwamuna. Yoyamba, nyumbayo iyambe yayezedwa ndi injiniya kuyambira pansi mpaka kudenga. Yachiwiri, aliyense akhale ndi khomo lake. Anati iye anakulira m'nyumba imodzi ndi agogo ake obereka bambo, anaona mayi ake akuonda ndi kupirira, ndipo zimenezo sadzazilola pa moyo wake. Pafupi inde, pamodzi ayi. Ndinamuyankha mokoma kuti nanenso sindifuna munthu wina m'khitchini mwanga. Mumtima ndinali nditamutukwana kale, koma za khitchinizo zinali zoona.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi injiniyayo. Kuno nthaka ndi yosalala ngati tebulo, ndipo chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikasungunuka, mtsinje wa Körös ukadzaza, madzi sabwera ndi phokoso ayi. Amangotuluka pansi, m'minda, m'misewu, m'zipinda zapansi zosungiramo mbatatesi. Nyumba zathu zakale zonse ndi za zidina. Tsono ya a Dezső, abale inu! Akuluwa sanagulepo thumba la simenti chibadwireni. Chaka ndi chaka Isitala ikayandikira amakanda dothi ndi mankhusu a tirigu n'kumata pamene pagumuka, kenako n'kupaka laimu, monga ankachitira amayi awo. Makoma ake ndi a mabampu, ndipo m'munsi muli mzere wa chinyezi woonekera uli kumsewu. Pambali pa yanga imachititsa chisoni. Yanga ndi yosalala, yachikasu, yozunguliridwa ndi konkire. Lőrinc ndiye anaipaka pulasitala wa simenti kunja ndi mkati atangoyamba ntchito ku Austria, kuti amayi ake asamakwerenso makwerero ndi chidebe cha laimu. Mudzi wonse unabwera kudzaona.

Ndinapita kwa a Dezső kukawapempha kuti injiniya asanabwere tipake kasimenti m'munsi mwa makoma, tibise mzere uja. Ndinati simentiyo ndibweretsa ine. Anandiyang'ana ngati ndawafunsira ukwati. Anati iwo akusamukira kwa mwana wawo ku Szeged chifukwa cha mawondo, osati chifukwa cha manyazi, ndipo nyumbayo aigulitsa ili ndi nkhope yake. Ndinawauza kuti ndi ouma mutu kuposa mbuzi yawo. Iwo anati mbuziyo inafa kalekale, koma kulira kwake akukumvabe kuchokera kuseri kwa mpanda. Tinasiyana osatsanzikana.

Tsiku loyeza linafika m'mwezi wa Malichi, minda ili madzi okhaokha. Lőrinc anafika mmawa ndi banja lake, injiniya anabwera pambuyo pawo kuchokera kutauni ya Békéscsaba. Ine ndinkayembekezera bambo wa tayi woti ndimudyetse mpaka aiwale chimene wabwerera. M'galimoto munatsika mzimayi wamfupi atavala jombo za mphira, dzina lake Vadas Piroska. Ndinamulandira ndi mbale ya pogácsa zotentha, timabanzi tathu ta kuno, iye anati adya akamaliza. Apo ndinadziwa kuti zavuta.

Sanayambire m'nyumba. Anayamba wasuzumira m'chitsime cha a Dezső n'kutsitsamo tepi kuti aone pamene madzi afika. Anakumba pakona ndi fosholo mpaka maziko anaoneka. Anatsikira m'chipinda chapansi, anafunsa kuti pampu yochotsa madzi imalira kangati pachaka, ndipo a Dezső, m'malo mochepetsako monga amachitira munthu wogulitsa, ananena zonse, mpaka za chaka chimene mbatatesi zawo zinayandama. Ndinawaponda phazi, anandifunsa mokweza ngati sindikuona bwino. Kenako mzimayiyo anazungulira makoma onse, akugogoda ndi kahamala, akumvetsera, akugunditsa kachipangizo koyezera chinyezi. Kudenga anakwera ndi tochi n'kumabaya mitanda ndi mpeni, umodziumodzi, Boglárka ali naye phazi ndi phazi. Ine ndinakaima pamene mzere wa chinyezi unali waukulu, nditatambasula chikhoti, ngati ndikuothera dzuwa, pomwe dzuwalo kunalibe.

"Etelka néni, tasunthani pang'ono," anandiuza, atatchula dzina langa ndi néni, mawu aulemu oitanira amayi achikulire kuno. "Ndapaona kale pamenepo."

A Dezső anaseka mpaka kutsokomola.

Atamaliza anatiimika pabwalo n'kunena kuti nyumbayo ndi yolimba. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anati mitanda iwiri yafumbwa, ngalande ya kumsewu ifukulidwe, madzi a padenga azigwera patali, koma makoma ali bwinobwino. Zidina zimamwa madzi a pansi, inde, koma dothi ndi laimu zimawalola kutulukanso kukawomba mphepo. Mzere umene unkandisowetsa tulo uja ndi pamene khoma limaumira. Chinthu chimodzi chokha anawaletsa: asadzayerekeze kuipaka simenti. Lőrinc anaseka n'kuloza nyumba yanga, nati nanga iyo, si iyo yaima bwinobwino? Mzimayiyo anayang'ana kupyola mpanda kwa nthawi yaitali, kuyambira padenga kutsika mpaka pa konkire. Anangofunsa kuti pogácsa zija zili kuti.

Nkhomaliro inali kwanga. Ndinali nditapha nkhuku ziwiri n'kuthira tsabola wa paprika osaumira, ndipo a Dezső anabwera ndi botolo la pálinka, kachasu wathu wa zipatso, ngati kuti sitinayambane. Boglárka anandithandiza kuyala tebulo, chinthu chimene anali asanachitepo. Chimwemwe chimene ndinali nacho, ndikanatha kupsompsona ngakhale nkhalamba ija.

Tisanakhale pansi injiniya anapempha kuti ndimuonetse kosamba m'manja. Pobwerera anaima pakhomo la chipinda chakumbuyo, chimene Lőrinc ankagona ali mwana, nafunsa ngati angasuzumiremo. Chitseko chinakana. Chakhala chikukana kwa kanthawi, ndinachipalitsapo n'kumatukwana kalipentala. Ndinachikankha ndi phewa. Mkatimo munali kafungo kamene ine ndinakazolowera, ka zovala zosauma bwino. Anapatula katani n'kuyang'ana mng'alu wa pamwamba pa windo, kenako anandipempha kuti tikoke bedi. Atagogoda m'munsi, khoma linalira ngati mgolo wopanda kanthu, chibenthu cha pulasitala n'kugwa. Anatulutsa sikuludiraiva yaitali m'thumba, anaiika pa chidina, anakankha ndi dzanja limodzi. Inalowa yonse mpaka pachigwiriro. Ataizula inatuluka ndi matope ofewa ngati phala.

Anandifotokozera motsitsa mawu kuti madzi akhala akukwera m'khomamo chaka ndi chaka, simenti n'kuwatsekera kunja ndi mkati, konkire n'kuwatsekera pansi pozungulira. Chimene chanyamula denga mbali imeneyo ndi pulasitala yekha. Ndinafunsa kuti ligwa liti. Anati sangadziwe, likhoza kugwa ndi mvula ikubwerayi, likhoza kupirira zaka. Ndinafunsa ngati n'zotheka kukonza. Anati denga lichirikizidwe, khomalo ligwetsedwe, ndipo makoma enawo sakuwakhulupirira. Si nyumba yoti munthu wa msinkhu wanga azikhalamo pomwe akuigumula.

Mutu wanga unathamangira kumodzi kokha. Nyumba iyi ikatha ndikagona kuti? Kwa Lőrinc. Ndipo Boglárka akangomva zimenezo, ku Linz sachokako. Ndinamugwira mkono injiniya uja.

"Mayi, chonde, musawauze. Ayambe agula."

"Anandituma nyumba inayo, ndipo zimene ndilembe ndi za inayo," anatero. "Patebulo sindinena kanthu. Koma inu ndakuuzani, néni. Muno musagone munthu."

Ndinabwezera bedi pamalo pake, chibenthu chija ndinachikankhira kunsi ndi phazi.

Chakudya sindinachimve kukoma. Lőrinc ndi a Dezső anagwirana chanza pa nyumbayo, anamwa, anakambirana za tsiku lopita kwa loya. A Dezső ankandiseka kuti ndangoti zii chifukwa nyumba yawo yonyansa ija yakhoza mayeso. Boglárka ankafunsa za sukulu ya mkaka ya kuno, ndipo ananditchula kuti Amayi popanda kukakamiza pakamwa. Kenako anati pomwe akusintha mitanda ija ndi kusamutsa katundu, Emese azikhala kwa ine, ndipo akadzakhazikika, masana azidzagona kuno iwo ali kuntchito. Zonse zimene ndakhala ndikupempha kwa Mulungu anandipatsa kamodzin'kamodzi. Injiniya ankangodya nkhuku yake, osadzutsa maso.

Emese anayamba kusinza pampando, supuni ili m'manja. Lőrinc anamunyamula nati akamugoneke m'chipinda chake chakale. Ndinadzuka msanga n'kunena kuti kumeneko kukuzizira, amugoneke pabedi langa. Anati bedi langa ladzaza makhoti, ndipo bulangete lilipo. Ndinati muli fumbi. Anaseka, nati iye anakulira m'fumbi lomwelo, n'kulowera kumbuyo. Ndinamutsatira. Ndinkadziuza kuti ndi kanthawi kochepa chabe, khoma limene laima zaka zonsezi silingasankhe lero. Anakankha chitseko ndi phewa, mwana ali pachifuwa, ndipo chitatseguka ndinamva timchenga tikuyoyoka kuseri kwa bedi.

"Usalowe naye."

"Amayi, mwatani?"

"Ndati usalowe naye. Mpatse mayi ake, ubwere ukoke bedi ili."

Anakoka. Anagwada, analowetsa chala pabowo paja, kenako zala zonse, n'kutulutsa matope odzaza dzanja. Onse anali atabwera, ataima pakhomo. Anafunsa injiniya kuti chachititsa n'chiyani. Mzimayiyo anayamba wandiyang'ana ine, ndinafuna kumutseka pakamwa ndi dzanja, koma anayankha kuti ndi simenti. Anawonjezera kuti anthu ambiri anachita chimodzimodzi m'zaka zimenezo, ndi mtima wabwino. Lőrinc zimenezo sanazimve. Anakhalabe chogwada akuyang'ana m'dzanja mwake, ndipo zinandipweteka kuposa khomalo. A Dezső, amene ndimati andiseka mpaka adzasamuke, anatenga chipewa chawo n'kutuluka mwakachetechete.

Boglárka ndi amene anafunsa, ndipo anafunsa mwaulemu, Emese ali paphewa: nanga Amayi akakhala kuti? Ndinamuona akutembenukira kuwindo kumene nyumba ya a Dezső imaonekera, ya zipinda ziwiri zokha zogona, nkhope ya Boglárka n'kugwa pang'onopang'ono. Sindinamude. Ndinakwiyira madzi, simenti, mzimayi wa jombo uja, ndi malemu mwamuna wanga amene anandisiya ndekha ndi zimenezi, koma iye ayi. Zake ananena poyera kuyambira pachiyambi.

Tinabwerera patebulo chifukwa panalibe kwina kopita. Injiniya anatsanzika. Msuzi unali utagwirana m'mbale. Lőrinc anayamba kunena kuti mwina asathamangire, akaganizenso bwino ku Linz, ndipo ndinadziwa kuti akakaganiza ku Linz ndiye kuti zatha. Ndiye ndinalankhula msanga, mokweza, ngati nkhani yosavuta. Ndinati asavutike ndi ine, ku Békéscsaba kuli nyumba yosungirako okalamba, anzanga ena ali komweko, akuti chakudya chake n'chabwino. Iwo agule nyumbayo, abwere kwawo, ine azidzandiona Lamlungu, basi imapita. Ndinanena dala, kuti mwana wanga amenye tebulo, anene kuti amayi ake sangapite kumalo otero iye ali moyo, kenako tipeze njira ina.

Boglárka anaweramitsa mutu. Lőrinc anapukuta matope otsala m'zala ndi kansalu ka patebulo, chala chimodzichimodzi, osandiyang'ana.

"Kodi kumeneko malo amapezeka msanga?" anafunsa Lőrinc.

Ndinati sindikudziwa, ndikafunsa Lolemba. Ndinayamba kusonkhanitsa mbale.