Dengu la Mikate ya Pabwalo

Dzuwa linali litapendeka pamene Ahata anafika pakhomo lomaliza, dengu lili m'manja. Linali Lachisanu, ndipo mabanja onse a pabwalo lawo, m'tauni ya Mahoza, anali ataponyamo kale mkate wawo. Panatsala Zutra, mkulu wofulula mowa wa kanjedza.

"Odi, bambo Zutra! Ndadzera mkate wa bwalo."

Zutra anatuluka akupukuta manja. Sanayang'ane dengulo.

"Mbuzi yanu ili bwanji? Mutu wasiya kuwawa?"

"Nkhani ya mtsuko ija sinathe kodi? Ndinapepesa."

"Munapepesa inu. Mbuziyo sinabwere. Inagwetsa mtsuko wathunthu, n'kumwa, n'kumayenda pano ngati mkwati. Mkate palibe, mayi. Ndinalumbira anthu akumva kuti mkate wanga sudzalowanso m'dengu la nyumba yanu."

Chilamulo chimaletsa kunyamula chinthu kunja kwa nyumba tsiku la Sabata. Koma mikate ya mabanja onse ikakhala m'dengu limodzi, bwalo limasanduka nyumba imodzi, ndipo munthu amatha kunyamula chinthu kudutsa pabwalopo tsiku la Sabata. Banja limodzi likakana, palibe wonyamula ngakhale chikho. Bambo ake a Ahata ankakhala tsidya lina la bwalolo, ndipo miyendo yawo inali itafa. Mphika wa mphodza unali kale m'ng'anjo ya Ahata kuti ugone ukutentha, mawa akawapatse.

"Ndiye abambo anga mawa adye zozizira?"

Zutra anayang'ana pansi. "Lumbiro ndi lumbiro. Kodi mukufuna ndilimeze?"

Mwamuna wa Ahata anali ku Sura, kumaphunziro a mwezi wa Eluli. Choncho mayiyo anathamangira yekha kwa Rabi Tobiya, amene ankakhala kuseri kwa msika. Anawapeza atakwinya malaya, akupala nsomba ya Sabata.

"Rabi, mukamuuze Zutra apereke mkate. Inu akumverani."

Anawafotokozera zonse. Rabi anapitiriza kupala nsomba mpaka anafika kumchira.

"Akufuna kupereka?"

"Nkhope ikuoneka kuti ikufuna. Pakamwa ndi pamene panamanga."

"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata," anatero Rabi. "Kumasula lumbiro kumafuna kukhala pansi, ndipo dzuwa silitidikira, likalowa ndi Sabata. Koma tandiuza, mwana wanga, dengu limagona kwa yani?"

"Kwathu. Kuyambira nthawi ya agogo a amuna anga."

"Chilamulo chimati nyumba imene dengu lagona siperekanso mkate. Denga lake ndilo gawo lake."

Ahata anamvetsa msanga, ndipo sizinamukomere.

"Ndikasiye dengu lathu kwa munthu wa mowa uja? Anthu ati chiyani? Ati pakhomo pa Ahata pachitika chonyansa, dengu achita kulisamutsa. Nanga amuna anga akabwera ndidzawauza chiyani?"

"Anthu adzanenadi," anavomera Rabi. "N'chifukwa chake akuluakulu anati dengu lisamasunthidwe wamba. Sindingakulamule. Ulemuwo ndi wa nyumba yako, ndipo ukapita mwina sudzabwerera."

"Palibe njira ina?"

"Ilipo. Bambo ako adye mkate ndi anyezi. Tsiku limodzi silipha munthu." Rabi anathira nsomba ija mchere. "Ine ndakuuza zololedwa. Zoyenera usankhe wekha."

Ahata anabwerera pang'onopang'ono. Mumsika anthu anali akutseka makomo a mashopu. Atalowa pabwalo anaona bambo ake pazenera, atavala kale malaya oyera, ndevu zitapesedwa. Anamukwezera dzanja. Chiyambire imfa ya mayi ake a Ahata, mkuluyo ankadya bwino tsiku la Sabata lokha.

Ahata anafika pakhomo pake, naima. Amayi awiri a pabwalopo anali pachitsime, maso ali pa iye. Anatembenuka n'kulunjika kwa Zutra.

"Odi!"

"Mwabweranso? Ndanena kale kuti mkate..."

"Sungani mkate wanuwo, wouma ngati mtima wa mwini wake. Landirani dengu. Ligona kwanu."

Zutra chilamulocho ankachidziwa, koma sankayembekeza kuti mayiyo angachite zimenezo.

"Dengu la nyumba yanu? Amuna anu akudziwa?"

"Adziwa akabwera. Tengani, manja anga atopa."

Zutra anapukutanso manja, ngakhale anali ouma, n'kulandira ndi manja awiri. Analowa nalo m'nyumba. Ahata anamva mitsuko ikukokedwa, ndi mawu a mkuluyo akuuza mkazi wake kuti abweretse nsalu yoyera, osati ija yosefera mowa.

Kuchitsime kunayamba manong'onong'o. Lipenga la Sabata linalira pamwamba pa sunagoge. Ahata anadutsa amayi aja chimanjamanja, mutu uli m'mwamba, nakalowa m'nyumba mwake kukayatsa nyale.